Funsani Azakhali: akazi a ku France, madzi a Lusaka ndi botolo lolembedwa Paris

Ndinalakwa kutchula mwezi watha kuti ndinakachezako ku Paris. Makalata onse amene abwera ndi a za France basi, ngati kuti mchombo wanga unagwera kumeneko. Ndinangokhalako milungu itatu, kwa mwana wa mchemwali wanga amene ndi namwino, ndipo Chifulenchi chimene ndinabwera nacho ndi moni ndi zikomo. Koma maso a munthu wa pa saluni sapuma. Zaka zoposa 20 ndakhala ndikugwira mitu ndi nkhope za anthu ku Kabwata, ndiye ngakhale m'sitima ya pansi panthaka ine ndinkangosuzumira masaya a eni dziko. Tiyeni nazo.

FUNSO: Azakhali, pa TikTok akuti akazi a ku France sasamba kumaso ndi madzi, amangopukuta ndi thonje, n'chifukwa chake khungu lawo lili see. Ine ndikasamba, nkhope imakokana ngati chikopa cha ng'oma, ndatuwa mbuu, koma pofika masana pamphuno pali noninoni. Ndisiye kusamba kumaso?
Wophunzira, Chelstone

YANKHO: Mwanawe, usanataye sopo pita kaye kukhitchini ukavundukule ketulo ya amayi ako. Waziona zoyera zakakamira pansizo, zimene ukapala ndi supuni zimachoka ngati makoko a dzira? Ndi laimu ameneyo. Lusaka yakhala pa thanthwe la miyala ya laimu, yomwe ija amayi amaswa ndi nyundo m'mbali mwa msewu, yomwenso amapangira simenti ku Chilanga. Madzi a m'zitsime zobowola amadutsa m'miyala imeneyo. Sopo akakumana ndi madzi otere thovu limavuta kubwera, ndipo pakhungu pamatsalira zimene maso saona koma nkhope imazimva. Kukokana ukunenako n'komweko. Mafuta a masanawo ndi a khungu lako lomwe. Sopo waukali sawaletsa, amangokuumitsa pamwamba iwo n'kubwerabe.

Chinandiseketsa n'choti vuto lathuli ndi lawonso. Ketulo ya mwana wa mchemwali wangayo inali yoyera m'kati kuposa yanga. Paris nayo ili pa laimu, moti nyumba zake zakale anamangira miyala yokumba pansi pa mzinda womwewo. Iwo amati calcaire, ndipo amamudandaula monga timadandaulira ife magetsi akazima.

Madzi opukutira ndi thonje aja anabwera chifukwa cha khungu losachedwa kunyanyuka ndi madzi a pampopi. Anatchuka kampani ya Bioderma itatulutsa botolo la chivindikiro cha pinki mu 1995, limene kwawoko amalitcha Créaline H2O pamene kunja kuno palembedwa Sensibio. M'madzimo muli tizidutswa ta sopo wofatsa, tosaoneka ndi maso, timene mbali ina timagwira mafuta ndi phoda, mbali ina timakonda madzi. Ukanyowetsa thonje n'kudutsitsa pankhope, litsiro limatsalira pathonjepo. Palibe matsenga. A Garnier, amenenso ndi a ku France, amapanga otsikirapo mtengo, ndipo ntchito yake ndi yomweyo.

Koma zoti sasamba kumaso ndi bodza la pa foni. Ndipo iwe sukhala ku Paris. Waima pa siteji mu Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi la Great East Road, wakwera minibasi, wafika kunyumba wakupiza mbaula. Kathonje kamodzi kangathane ndi zonsezo? Madzulo samba ndithu, ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha, ndi sopo wa kumaso wopanda fungo. Sopo wa mtanda wochapira zovala umusiyire zovala. M'mawa ungotsukuluza ndi madzi okha. Udzole nkhope isanaumiretu. Ngakhale kadontho ka gilisalini kosakaniza ndi madzi m'chikhatho, monga ankachitira amayi athu mu Juni, kamathandiza.

Uonanso timabotolo topopera madzi kumaso tolembedwa Avène kapena La Roche-Posay. Amenewo ndi mayina a midzi ya ku France kumene kuli akasupe, ndipo anthu a nthenda za pakhungu amapitako kukasamba. Ambiri amadzipopera akatha kusamba kuti achotse laimu uja. N'zokoma pa kutentha, sindikana, koma ndalama ya wophunzira isathere pa madzi. Wiritsa madzi, uwasiye azizire, utsukuluzire kumaso pomaliza. Zoyera za mu ketulo zija ndi laimu amene wachoka m'madziwo.

Chimene ndinasirira kwa iwo si botolo ayi. Kumeneko za khungu amakagula ku kemisiti, sitolo za mtanda wobiriwira wothwanima zimene zili pafupifupi msewu uliwonse, ndipo woyang'anira wake amaphunzira zaka zosachepera 6. Ine ndinalowa ndi pepala la zinthu 7. Mayi wa yunifomu yoyera anandiimika pa kuwala kwa pawindo, nandigwira chibwano, nafunsa kudzera mwa mwana uja chimene ndimadzola m'mawa ndi madzulo. Kenako anatenga sikirabu imene ndinali nditaika kale m'basiketi n'kukaibweza pa shelefu. Ndinatuluka ndi zinthu ziwiri: mafuta ofewetsa ndi oteteza ku dzuwa. Ndinanyinyirika njira yonse, poti ndalama ndinali nditaikonza. Gogo wina woyandikana nawo nyumba anandionetsa bafa lake: sopo, madzi opukutira, lipisitiki imodzi ndi kachubu ka Embryolisse, mafuta amene akhala akupangidwa kuyambira 1950. Anati sanasinthepo chiyambire utsikana wake.

FUNSO: Azakhali, ndinagula mafuta pa msika wina m'tauni. Pabotolo pali chithunzi cha nsanja ya Eiffel ndipo palembedwa Paris. Wogulitsa anati ndi amene amadzola akazi a kumeneko. Miyezi 8 tsopano, nkhope yayera, koma mfundo za zala zada bii, masaya afiira ndipo timitsempha tikuonekera. Ndikasiya masiku atatu okha ziphuphu zimabuka, nkhope kuyabwa ndi kutentha. Apongozi anga ayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Nditani?
Mayi wa ana awiri, Matero

YANKHO: Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Ndiyambe n'kuulula, kuti musaganize kuti ndikukuweruzani. Pamene ndinkayamba saluni, mafuta a mtundu umenewu ndinkawagulitsa ine, ali ndandanda pansi pa galasi. Ankabweretsa ndalama kuposa kuluka. Ndinasiya tsiku limene kasitomala wanga wakale anavula magalasi akuda n'kundionetsa zigamba zakuda mobiriwirira pamwamba pa masaya onse awiri, ngati wamenyedwa. Sanandikalipire. Anangofunsa ngati ndili ndi phoda yokwirira. Zigamba zija ali nazo mpaka lero.

Kusindikiza mawu akuti Paris pa pepala n'kosavuta. Makina alionse amatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zimene mwafotokozazi, khungu kupyapyala mpaka mitsempha kuonekera, ndi kubuka kwa ziphuphu mukangosiya, ndi zimene amachita mankhwala amphamvu otchedwa steroid, monga clobetasol kapena betamethasone. Amenewo ndi mankhwala enieni a nthenda za pakhungu, oyenera kulembedwa ndi dokotala kwa masiku owerengeka, osati odzola thupi lonse miyezi 8. M'mafuta ena mumakhala hydroquinone, amene akadzoledwa nthawi yaitali amabweretsa zigamba za kasitomala wanga zija. Ena ali ndi mercury, amene amalowa m'magazi, amawononga impso, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amam'patsira mwana. Kawirikawiri zimenezi salemba pabotolo.

Tsono mvetserani izi. Mayiko a European Union, France ili momwemo, analetsa hydroquinone m'mafuta odzola kuyambira 2001. Mafuta amene akugulitsidwa mwalamulo pa shelefu ya ku Paris sangakhale nawo. Kuno kwathu ku Africa, Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, Rwanda inatsatira mu 2018. Sindikunamizani kuti ku Paris kulibe. Ndinapita ku Château Rouge, kumene anthu akwathu amagula nsomba zouma, chinangwa ndi zitenje, ndipo mnyamata wina ananditsegulira chikwama pakona kundionetsa timachubu tomwe tija ta pa msika wathu. Amagulitsa mozemba apolisi, ndipo ogula ake ndi ife tomwe, osati eni dziko. Eni dzikowo ali kalikiliki kufuna kuderako. Mu Ogasiti mzinda umatsala pululu, onse athamangira kunyanja kukadziyanika, ndipo wobwerako ali wofiirira ndiye amam'yamikira. Eugène Schueller, amene anayambitsa L'Oréal mu 1909 ndi mankhwala odayira tsitsi, anatulutsa mafuta oothera dzuwa a Ambre Solaire mu 1935. Wogulitsa wanu uja anakuuzani zosemphana ndi zoona.

Musalimbane nazo nokha. Tengani botololo, ndi chikatoni chake ngati chilipo, mupite ku kiliniki ya kwanuko mukapemphe kalata yopita kwa madokotala a khungu ku chipatala chachikulu cha UTH. Kaululeni zonse, miyezi yake ndi malo amene mumadzola, osachita manyazi, aonapo ambiri. Khungu lozolowera steroid limakwiya likamanidwa mwadzidzidzi, ndiye dokotala ndi amene angakuuzeni kasiyidwe kake ndi chodzola pa nthawi yovutayo. Milungu yoyamba idzakhala yowawa. Mtundu wanu udzabwerera, mwina poyamba moderapo kuposa kale ndiponso mwa mawangamawanga, kenako n'kumakhazikika. Apa ndi pamene ambiri amagonja n'kubwerera ku msika. Wina asakugulitseni botolo lachiwiri loti "lochotsa zakuda za m'zala"; ndi mphika womwewo.

Pakali pano dzuwa ndi mdani wanu. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, dzuwa lake limaluma ngakhale mu Julayi kukuzizira. Dzolani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 m'mawa uliwonse, muyende ndi ambulera. Apa pokha ndiye tiwatsanzire a ku France, amene ana awo amawadzoza asanayambe n'kuyenda komwe. Ife timati khungu lakuda silipsa, koma zipsera za ziphuphu zimene atsikana amandidandaulira tsiku ndi tsiku zimada chifukwa cha dzuwa lomwelo. Yesani kaye padzanja musanagule, chifukwa ena amakusiyani mbuu ngati mwagwera m'chigayo.

Za apongozi, alekeni ayang'ane. Akadzafunsa muwauze kuti muli pa mankhwala a khungu. Si bodza.

FUNSO: Anti, ndimasirira tsitsi la atsikana a ku Paris, looneka ngati angodzuka osapesa koma lokongola. Akuti sasambitsa pafupipafupi, amangopopera shampu youma. Ine langa ndi lachilengedwe, ndinasiya kuwotcha chaka chatha, koma la m'mphepete mwa chipumi likuthothoka. Shampu youmayo ingandithandize?
Wa ku ofesi, Woodlands

YANKHO: Ayi, mwanangu, imeneyo isiye. Shampu youma ndi ufa wa sitachi wopopera, ntchito yake kumwa mafuta. Tsitsi lawo ndi lowongoka, mafuta a pakhungu la m'mutu amatsetsereka mosavuta mpaka kunsonga, masiku awiri lamata. Lathu ndi lopotana, mafutawo amathera panjira, nsonga zimakhala ndi ludzu nthawi zonse. Kuthira ufa pamenepo ndi kuwonjezera chilala. Ndipo "kungodzuka" ukunenako usakukhulupirire. Tsitsi lija linadulidwa ndi munthu wodziwa lumo, pa mtengo woti iwe ungalukitse katatu.

La m'mphepetelo silikusowa shampu, likukokedwa. Ndikutha kukuona: malukidwe ang'onoang'ono othina mpaka nsidze kukwera, usiku woyamba kugona ndi panado, kenako wigi ya guluu pamwamba. Muzu ukakokedwa zaka zambiri umafa, ndipo pofa pamasalala, sipameranso ngakhale udzole chiyani. Woluka akamagwira timatsitsi ta pachipumi, mugwire dzanja. Tikatuluka tiziphuphu m'mizere, masula tsiku lomwelo, ndalama ipite. Pumitsa mutu milungu iwiri usanalukenso.

Ukafuna kuona tsitsi lathu ku Paris, tsika sitima pa Château d'Eau. Usanamalize masitepe anyamata akuzungulira kale, aliyense akukuitanira ku saluni ya abwana ake, ndendende oitanira minibasi pa Kulima Tower. M'katimo mesh ili lendelende pakhoma, nyimbo za ku Congo, mwana ali mtulo pa mpando, woluka akudya uku akuluka. Ndinakhala pansi ndinamva ngati ndili ku Kabwata. Zipumi zothothoka ndinazionanso komweko.

Ziwiri zokha ungatengeko. Choyamba, amasamala khungu la m'mutu monga amasamalira nkhope: likayabwa kapena likachita mfundu amafuna mankhwala ake, sakwirira ndi mafuta. Chachiwiri ndi viniga. Chifukwa cha laimu uja, ndi mwambo wakale kwawoko kutsukuluza tsitsi ndi madzi a viniga, moti a Yves Rocher amachita kugulitsa wa m'botolo wonunkhira zipatso. Iwe thira supuni imodzi ya viniga wa maapozi m'kapu yaikulu ya madzi, utsire m'mutu ukatha shampu, kawiri pa mwezi. Tsitsi limafewa, chipeso chimadutsa.

Za mafuta usayang'ane kutali. Batala wa karité, uja timati shea butter, amene a kampani ya L'Occitane amamunyadira, amagula kwa amayi a ku Burkina Faso. Mafuta a mongongo akuchokera kwathu konkuno ku Western Province, a malambe nawo alipo. Agogo anga ku Katete ankakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta oyandama pamwamba. Lero ndimawaona m'timabotolo tokongola ta zilembo zachizungu.

FUNSO: Azakhali, kitchen party ya mng'ono wanga ili mu Okutobala ndipo ine ndi amene ndidzamuvundukule. Chaka chatha pa ya mnzanga faundeshoni inasungunuka, inatsikira m'khosi n'kudetsa chitenje. Ndamva kuti akazi a ku France sadziphoda kwambiri. Ndiyese zimenezo?
Mkulu wake wa mkwatibwi, Chilenje

YANKHO: Yesani theka lake. Kachitidwe kawo n'kosankha malo amodzi oti anthu ayang'anepo. Milomo ikafiira psuu, maso amawasiya. Maso akawakongoletsa, milomo imangopakidwa kamafuta. Faundeshoni sapaka nkhope yonse ngati pulasitala, amadontheza pamene pali chipsera n'kusisita ndi chala, khungu lina lonse lili poyera. Pa kutentha kwa Okutobala nzeru imeneyi ndi yabwino, chifukwa chimene simunapake sichingasungunuke. Dzolani mafuta opepuka, dikirani mphindi 10, kwirirani zipsera zokha, phoda pang'ono pachipumi ndi pamphuno. Thukuta likabwera musapukute, gunditsani tishu n'kuchotsa.

Lipisitiki yofiira ndiye chida chawo chachikulu. Ya Dior ya nambala 999 ndi yodziwika dziko lonse. Simukusowa imeneyo. Pa khungu lathu imakhala bwino yofiira mozama, yopita ku vinyo kapena ku njerwa yootcha. Zungulizani milomo ndi pensulo ya bulauni, pakani, lumani tishu, pakaninso.

Theka linalo lisiyeni ku Paris. Iwo amavala zakuda ndi zotuwa, amakhala phee pa tebulo. Inu mudzakhala mu chitenge cha maluwa, duku lili njo, ng'oma zikulira, azimayi 200 akukuyang'anani mukugwada ndi kuvina. Nkhope yongoti yadzuka kumene idzamira m'chitenjemo. Jambulani nsidze, ikani zowala m'zikope ngati mtima ukufuna. Chokhacho, khosi ndi nkhope zikhale za munthu mmodzi.

Ndipo zithunzi zimene mukudziyerekeza nazo muzizikayikira. Kuyambira Okutobala 2017 lamulo la ku France limati chithunzi cha malonda chimene thupi la munthu lachepetsedwa kapena kukulitsidwa pa kompyuta chilembedwe kuti chakonzedwa, ndipo mu 2023 anaika lamulo lina lokhudza otsatsa malonda pa intaneti amene amasintha nkhope ndi mafyuluta. Boma silikhazikitsa lamulo pa chinthu chimene sichichitika.

FUNSO: Amayi, pepani kulowerera nkhani za azimayi. Akazi anga akukwanitsa zaka 40 ndipo ndikufuna kuwagulira perefyumu ya ku France. Pa mabotolo ena palembedwa eau de toilette, ndiye ndinaopa. Ndi ya kuchimbudzi?
Bambo wa ku Kaunda Square

YANKHO: Bambo, mwandiseketsa mpaka makasitomala afunsa. Toilette pamenepo ndi kudzikonza, kusamba ndi kuvala, osati kumene mukuganizako. Mawuwo amangonena mphamvu yake. Parfum ndiye yokhathamira, kadontho kamakhala tsiku lonse, mtengo wakenso ndi woopsa. Eau de parfum ndi yotsatira. Eau de toilette ndi yopepuka, imatha msanga, koma pa kutentha kwathu kuno ndi imene sipweteketsa anthu mutu m'minibasi. Likulu la ntchitoyi ndi tauni ya Grasse kumwera kwa France, kumene amalima maluwa a jasmine ndi rozi olowa mu Chanel N°5, imene inatuluka mu 1921.

Ya pa maroboti, yotsika mtengo ngati mtolo wa repu, isiyeni. Gulani m'sitolo yoti mukhoza kubwererako, ndipo akalandira asaike pawindo kapena m'galimoto, dzuwa limaisasitsa. Fungo limasintha pa khungu la munthu aliyense, ndiye musasankhe ndi mphuno yanu pa dzanja la mtsikana wogulitsa. Suzumirani pamene amayiwo amaika zodzola zawo. Pali botolo limene linatha kalekale koma sataya, mwina analithiramo timadzi kuti atsukuluze fungo lotsala. Limenelo liikeni m'thumba la jekete mupite nalo ku sitolo, ndipo mulibweze pamalo pake asanaweruke.